Miyezi 9 mu kalavani ku South Coast, pepala la Disembala landiyankhulitsa

Achimwene ena a ku Joni anandifunsa pa WhatsApp ngati paki ya makalavani tikukhala ija ikadali bwino momwe ndinkaitamira mu Epulo, ndiye tsiku lomwelo kwabwera pepala la ku ofesi la mitengo ya Disembala, ndangoti basi ndilembe.

Tili kufupi ndi Port Shepstone ku KwaZulu-Natal, South Africa, ntchito yanga ili konkuno ndipo kuimika kalavani kunkatchipa kuposa lendi ya fulati. Mabafa ndi aukhondo, madzi otentha samasowa, pageti pali mlonda usiku wonse, kunyanja ndi mphindi zitatu wapansi. Mu Juni tinaona sardine run, nsomba kufika mpaka m'mbali anthu kumangotunga ndi mabeseni, madamu anati abale si usipa wa ku Nkhotakota uwu, kungoti wonenepa. Kusambira analetsa masiku amenewo poti maukonde otchinga mashaki amawachotsa. Ku chigwa chakuya cha Oribi Gorge tinapitako Loweruka lina, kokongola zedi, koma zodziponya kuphompho utamangidwa chingwe zija ine ayi.

Chanditopetsa ndi magetsi. Malo aliwonse ali ndi kabokosi kake pamtengo, kathu ndi ka ma amp 10, kutanthauza mawati 2,300 basi, pamene ketulo payokha imadya pafupifupi 2,000. Tsiku lina madzulo nsima ili pa hotipuleti, madamu agwira mthiko ayamba kuvundula, mwana osadziwa wayatsa ketulo, phii mdima. Ndatuluka ndi tochi ya foni, kabokosi ndi kokhoma ndi loko, kiyi ali ndi bambo osamalira pamalo amene amaweruka 5 koloko. Tinadya buledi ndi nsomba, nsima yosapsa ija kutaya, firiji usiku wonse osayaka. Mawa lake mayi a ku ofesi anangoti gulani gasi, aliyense amatero. Ndinagula silinda ya 9 kg, chabwino, koma kuthima sikunathe chifukwa mphepo ya mchere imadya pulagi, timano take timachita kubiriwira, ndasintha katatu kale ndi ndalama zanga. Ndinapempha kuti andipatseko kiyi wa kabokosi, akuti malamulo salola. Dzimbiri lomwelo lagwiranso mahinjesi a chitseko ndi njinga ya mwana.

Apusi ndiye osanena, ukangosiya windo pang'ono buledi wapita, wina anakhala pamwamba pa tenti nkumadya nthochi zathu akundiyang'ana m'maso.

Pena m'mawa ndikakhala panja ndi kapu ya tiyi mafunde akuomba ndimati apa sindichoka. Koma pepala lija likuti kuyambira pa 15 Disembala mtengo wa pamwezi wa R4,200 uyima kaye, tizilipira R700 usiku uliwonse ngati alendo a holide, apo ayi tisamukire kumbuyo kufupi ndi mabini a zinyalala. Polowa sanandiuze zimenezi, atandikumbutsa kuti zili mu fomu ndinasaina ndinayang'ana, zilimodi, timalemba tating'ono pansi penipeni. Ndawauza achimwene kuti akafuna abwere mu Meyi koma afunsiretu ma amp ndi za Disembala asanapereke dipoziti. Ife tikupita kumabini, dipoziti yanga ya R4,200 akuti ibwera ndikadzatuluka, atayendera kaye ngati udzu sunafe pansi pa kalavani.