Tortilla kutali ndi Texas: tirigu, ufa wa m'sutikesi, kapena chimanga chathu chophika ndi laimu?

Amene munakhalako ku Texas n'kubwerera kumudzi, kaya kusamukira ku London kapena ku Johannesburg, nkhuli imene ndikunena mukuidziwa. Sikhala ya nyama ayi, nyama ili ponseponse. Imakhala ya tortilla wongochoka pamoto (mkate wopyapyala wonga chapati, wa tirigu kapena chimanga), nyemba zokanyakanya m'mafuta, ndi msuzi wofiira uja wothira pa enchilada (tortilla wokulunga nyama kapena tchizi). Ine zinandilowa m'magazi ku San Antonio, mzinda wa ku Texas, pano ndikukhala ku Lilongwe, ndipo njira zimene anthu amatchula zothetsera nkhuliyi ndaziyesa. Sizifanana, ndipo zina n'zongotayitsa ndalama.

Choyamba muzindikire kuti mukusowa chiyani, chifukwa zakudyazi zili pawiri. Tex-Mex ndi chakudya cha anthu a mtundu wa ku Mexico obadwira ku Texas. Chinakulira m'mabwalo a San Antonio, kumene amayi ankagulitsa chili con carne (nyama yophika ndi tsabola) usiku kuyambira m'ma 1880 mpaka m'ma 1930. William Gebhardt wa ku New Braunfels anayamba kugulitsa tsabola wopera wa m'botolo m'ma 1890, ndipo fajita (nyama yowotcha yodyera mu tortilla) anatchuka kwambiri Ninfa Laurenzo atatsegula malo ake odyera ku Houston mu 1973. Chakudya chimenechi chimadalira nyama ya ng'ombe, tchizi wachikasu, jira (cumin) ndi ufa wa tirigu, zinthu zimene zimapezeka m'tauni iliyonse. Cha ku Mexico kwenikweni, chimene UNESCO inachiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2010, chaima pa chimanga chophika ndi laimu (woyera uja wonga wopaka m'makoma, koma wodyedwa) ndiponso mitundumitundu ya tsabola. Ichi ndiye chovuta ukachoka.

Za malo odyera sindichedwapo. M'mizinda ikuluikulu ngati London alipo ophika bwino, ndipo mungawadziwe ndi funso limodzi: tortilla wa chimanga mumapanga nokha kapena mumagula kuti? Akayankha mosadodoma, khalani pansi. Kwina konse kumene ndadyako, nyama imakhala yabwino koma yokulungidwa m'chinthu chozizira, chotanuka, chotsekemera ngati buledi, bilu n'kubwera yaikulu. Mabokosi a m'masitolo aja, okhala ndi zigoba zouma za taco (tortilla wopinda woikamo nyama kapena zina) ndi kapaketi ka zokometsera, amathandiza ana akafuna kanthu Lachisanu madzulo. Koma werengani zolemba kuseri kwa kapaketiko: mchere, tsabola, jira, anyezi wouma, nthawi zina shuga. Zonsezi muli nazo kale m'kabati.

Mpikisano weniweni uli pa tortilla, ndipo opikisana ndi atatu.

Wa tirigu ndiye wosavuta, ndipo kwa wosowa Tex-Mex yekhayo akwana. Aliyense amene anapangapo chapati wafika kale pakati pa ulendo. Ufa theka la kilo, mafuta olimba magalamu 80 kapena 100, mchere, kasupuni ka baking powder ngati mukufuna wofufuma wa ku Texas, ndi madzi otentha pafupifupi mamililita 300. Kusiyana kwake ndi chapati kuli pawiri. Mafutawo mumawafikisa mu ufa ndi zala musanathire madzi, ndipo pachiwaya simuthira mafuta ngakhale dontho. Mafuta a nkhumba ndiwo amapereka kakomedwe kenikweni kaja, koma amene sadya nkhumba asadandaule, mafuta a ng'ombe osungunula kapena batala amagwira. Mukakanda, umbani timipira, tivundikireni theka la ola, apo bii mtandawo uzibwerera mukamauyala. Ndi tortilla ameneyu, mazira okazinga ndi mbatatesi kapena nyemba, mwapeza taco wa m'mawa wa ku San Antonio, popanda kuitanitsa kanthu kunja.

Koma enchilada wa tirigu amasanduka phala mu msuzi, ndipo taco wa nyama yowotcha pa tirigu amakoma, inde, koma fungo lija la chimanga palibe. Apa ndi pamene ambiri a ife timaganiza kuti, chimanga si ndife eni ake? Tingotenga ufa woyera kapena mgaiwa n'kukanda. Sizitheka. Mtandawo umangoyoyoka, ukauyala umang'aluka m'mphepete, ukaupinda umathyoka pakati. Vuto si dzanja lanu. Chimanga chinayambira kumwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, Apwitikizi n'kudzachibweretsa ku Africa m'ma 1500, koma kaphikidwe kake ka laimu kanatsala komweko. Ife timakonola, kuviika mphale, kuyanika, n'kukagayitsa. Iwo amaphika chimanga chathunthu m'madzi a laimu, ndipo laimuyo amasungunula khungu la njere n'kusintha sitachi wa mkati mwake kuti chikaperedwa chizigwirana chokha. Chimanga chotere amachitcha nixtamal, mtanda wake masa.

Wachiwiri ndiye ufa wopangidwa kale, masa harina, umene ndi nixtamal wouma wogaya. Wodziwika kwambiri ndi Maseca, wa kampani ya Gruma imene inayamba mu 1949 ku Nuevo León, ku Mexico. Makapu awiri a ufa, kapu imodzi ndi theka ya madzi ofunda, kamchere, mwapeza matortilla ang'onoang'ono opitirira khumi ndi awiri pasanathe theka la ola. Kwa okhala ku UK, kumene ufawu umagulitsidwa pa intaneti ndi m'masitolo a zakudya za ku Latin America, ndinene mosabisa: gulani umenewu, musavutike. Mungochenjera ndi phukusi lachikasu la Harina P.A.N. limene limakhala pashelefu yomweyo. Ndi ufa wabwino, koma ndi wa arepa, kamkate ka chimanga ka ku Venezuela, sunadutse mu laimu, ndiye tortilla sungapange.

Kwa ife a kuno kumudzi nkhani ndi ina. Ufawu umabwera m'sutikesi ya m'bale, kilo iliyonse ikudya malo m'makilo 23 amene ndege imalola pachikwama, ndipo ukakhalitsa m'nyengo yotentha ya Okutobala fungo limathawa, nankafumbwe naye saona kuti ndi wakunja. Ukatha mumadikira wina wobwera pa Khrisimasi.

N'chifukwa chake ine ndili kumbali ya wachitatu, wophika chimanga chathu ndi laimu. Ntchito ilipo, sindikubisa, koma zotsatira zake zimaposa ufa wa m'phukusi kutali.

Tengani kilo imodzi ya chimanga chouma chosankha bwino, chosathira mankhwala osungira, madzi malita atatu, ndi laimu magalamu 10, ndiye kuti supuni yaikulu imodzi yodzaza. Laimu wake akhale wodyedwa. M'masitolo a amwenye amamutcha chuna, amene amapaka pa tsamba lotafuna lija. Wopaka m'makoma ndi wa mtundu womwewo koma sanayeretsedwe kuti alowe m'mimba, ameneyo ayi. Poto akhale wachitsulo chosachita dzimbiri kapena mphika wadothi. Mapoto athu a aluminiyamu laimu amawadya, amada bii mkati, chakudya n'kumveka chitsulo.

Chikayamba kuwira muona chodabwitsa: chimanga choyera chija chimasanduka chachikasu, madzi amachita thovu lotuwa, ndipo m'khitchini mumadzaza fungo limene munalimva komaliza ku Texas. Chepetsani moto. Pakatha mphindi 30 vuulani njere imodzi, muifikise pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Khungu likasupuka lotelera, lumani. Kunja ikhale yofewa, pakati pakhale kadontho koyera kolimba. Chimanga cha makolo, cholimba chija chimene amayi amachikonda pokonola, chimafuna nthawi yotalikirapo, mwina ola lathunthu. Cha haibulidi chimafewa msanga ndipo chimafuna diso, chifukwa chikapsa kwambiri mtanda umamata m'manja osayalika. Phulani, vundikirani, chigone m'madzi omwewo mpaka m'mawa. Kukacha tayani madziwo, tsukani kawiri kapena katatu mukufikisa, koma musachotse khungu lonse, lotsalalo ndi limene limathandiza kugwirana.

Pogaya ndiye pali thukuta. Ku Mexico amapita nacho kuchigayo cha miyala chikadali chonyowa. Zigayo zathu ndi za chouma. Mtondo umatheka ngati muli ndi mphamvu ndi wokuthandizani, ndipo wokhala ndi mphero ya agogo ali ndi chida chofanana ndi chimene eni akewo anagwiritsa ntchito zaka zikwi. Kamakina kopukusa ndi dzanja, ka Corona kapena Victoria kochokera ku Colombia, ndiko kabwino pakhomo: mudutsitse kawiri, kachiwiri mutamanga zolimba. Njira ina ndi kuyanika chimangacho padzuwa mpaka chiume gwa, n'kukagayitsa ndi sefa yosalala. Mukatero mwadzipangira masa harina wanu wa mwezi wonse, ngakhale kuti fungo limachepako poyerekeza ndi wopera wonyowa.

Nanga chidulo? Funso limeneli ndi lanzeru, chifukwa mitundu ina ya ku America inkaphika chimanga ndi phulusa la nkhuni, osati laimu. Chidulo chimene timaphikira therere chimasupula khungu ndithu. Chovuta n'chakuti mphamvu yake siyezeka, imatengera chimene mwawotcha ndi madzi amene mwathira, ndiye lero chikhoza kuchepa, mawa n'kuwawa. Soda wa m'paketi ndi wofooka, amafewetsa njere koma kakomedwe kake n'kena. Pa atatuwa chuna ndiye wodalirika.

Pali chinanso chimene chimandipangitsa kuti nkhaniyi ndisaione ngati ya nkhuli chabe. Laimu amamasula niacin, vitamini amene m'chimanga amakhala womangika moti thupi silimupeza mokwanira. Kusowa kwake kumabweretsa pellagra, matenda osupula khungu ndi kutsegula m'mimba. Mu 1990 anthu opitirira 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi anadwala matendawa, atadalira chimanga pamene mtedza unasowa pa chakudya chogawidwa. Ku Mexico, kumene amadya chimanga ngati ife, matendawa sanafale chotero. Ndikamatsuka nixtamal m'mawa zimenezi zimandibwerera.

Poyala simufunika chida chogula. Ng'ambani jumbo yoyera pawiri, ikani kampira ka mtanda pakati, kanikizani ndi pansi pa poto wolemera. Chiwaya chikhale chouma ndi chotentha kwambiri. Mbaula ya makala imachita bwino kuposa mbale ya magetsi. Masekondi 30 mbali yoyamba, tembenuzani, mphindi imodzi, tembenuzaninso. Akafufuma pakati, mwakhoza. Muziwaunjika m'kansalu kuti nthunzi iwafewetse.

Zotsalazo kuno n'zosavuta, mwinanso tili pabwino kuposa anzathu a ku Ulaya. Mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje amapanga guacamole (mapeyala okanya) wabwino pamtengo woti wa ku Manchester sangakhulupirire, ngakhale ena amakhala amadzimadzi poyerekeza ndi a mtundu wa Hass, ndiye sankhani amafuta. Nyemba za mawangamawanga ngati kholophethe zimalowa bwino m'malo mwa pinto: ziphikeni ndi anyezi ndi adyo, muzikanye m'mafuta otentha ndi msuzi wake womwe. Chambiko cholimba chimagwira ntchito ya crema, kirimu wowawasa wa ku Mexico. Tomato, anyezi, mandimu ndi masamba a dhania zili pamsika. Cheddar akwanira pa enchilada wa Tex-Mex.

Chimene sichilowezeka m'malo ndi tsabola wouma, ndipo malo a m'sutikesi muwasungire ameneyu, osati ufa. Ancho, amene ndi poblano wouma, ndi wakuda, wotsekemera pang'ono, wosawawa kwambiri. Guajillo ndi wofiira, wa khungu losalala, ndiye amapereka mtundu wa msuzi. Chipotle ndi jalapeño wofukiza utsi. Onsewa ntchito yawo ndi kukometsa ndi kulemeretsa msuzi, kuwawa kumabwera pambuyo. Kambuzi wathu ndi m'bale wa habanero, ndipo mu salsa (msuzi wa tsabola) yaiwisi ya tomato amaposa tsabola wina aliyense amene ndingagule, koma simungapange naye msuzi wa enchilada, mungalire musanamalize mbale. Theka la kilo la ancho ndi guajillo ndi lopepuka, ndipo m'botolo lotseka bwino limatha miyezi yambiri. Muwambe pachiwaya masekondi ochepa mpaka anunkhire, asapse chifukwa amawawa ngati mankhwala, muwaviike m'madzi otentha, kenako mupere ndi adyo ndi jira. Mukasowa zonse, paprika wosakaniza ndi jira, adyo ndi kambuzi pang'ono, wokazingira mu ufa wa tirigu ndi mafuta n'kuthira msuzi wa ng'ombe, amayandikira msuzi wabulauni wa ku San Antonio. Wa ku Mexico kwenikweni, ngati wa ku Oaxaca, sayandikira n'komwe.

Salsa yobiriwira imafuna tomatillo, m'bale wa jamu amene amamera yekha m'minda mwathu atavala kachikwama kake. Jamu ndi wotsekemera kwambiri, salowa m'malo, ndipo wosapsa sadyedwa. Tomato wosapsa wowotcha ndi madzi a mandimu amayesako. Koma tomatillo amamera kulikonse kumene tomato amamera, ndiye wokhala ndi kadimba afunefune mbewu, potsata malamulo a zaulimi olowetsera mbewu m'dziko. Mubzale mitengo iwiri kapena kuposerapo moyandikana, chifukwa umodzi wokha umangochita maluwa osabereka.