Ma croissant ophika wekha m'mawa: ndemanga ya munthu wodya yekha

Ndawapatsa nyenyezi zinayi. Yachisanuyo ndawamana dala, ndipo chifukwa chake ndichinena.

Ndimakhala ndekha. Chiyambireni kukhala ndekha, kadzutsa wanga anasanduka wodyera chiimire, kapu ya khofi dzanja ili, foni dzanja linali. Kukonza chakudya chapamwamba cha pakamwa pamodzi ndinkakuona ngati kuwononga. Mwezi watha ndinagula bokosi la ma croissant (mabanzi a batala a magawomagawo) osaphika, oumitsidwa ndi chisanu, aja umawasiya usiku wonse kuti afufume n'kuwaphika wekha kukacha. Munali 8: anayi a batala yekha, awiri a chokoleti ndi awiri a mtedza wa amondi. Womaliza ndamudya lero, ndiye ndikunena zomwe ndalawa.

Chinandikoka n'chakuti umatulutsa mmodzi yekha, ena onse n'kuwabwezera mufiriji. Wokhala yekha akudziwa vuto la kugula ophikaphika. Croissant amakoma tsiku lomwe wapsa, makamaka maola oyambirira. Akagona amafota, ndipo ukagula anayi, atatu enawo umawadya mokakamiza, kuopa kutaya.

Woyamba ndinamutulutsa Lachisanu cha m'ma 10 koloko usiku. Anali kakang'ono, kolimba gwa ngati mwala, moti ndinadziseka kuti ndagula chiyani. Ndinamuika pa thireyi yoyala pepala lophikira, n'kumuvundikira. Kukacha ndinapeza wafufuma kuwirikiza kawiri, ukagwedeza thireyi iye n'kumanjenjemera. Ndinamupaka dzira lomenya pamwamba, uvuni pa madigiri 190, mphindi 18. Pofika mphindi ya 10 fungo la batala linali litadzaza nyumba yonse mpaka kuchipinda. Fungo limeneli silinalembedwe pa bokosi, komatu kwa ine ndi theka la zomwe ndinagula.

Ndipo anapsa bwino, abale. Kunja kofiirira, kouma, ukangogwira tizikhungu topyapyala n'kumayoyoka. Nditamudula pakati, mkati munali timabowo tokhatokha ngati chisa cha njuchi, ndipo ichi ndicho chizindikiro choti mtanda wake anaupinda mwaluso. Opanga croissant amaika chibenthu cha batala wozizira mkati mwa mtanda, n'kuufutukula, n'kuupinda patatu. Akachita zimenezi katatu, batala uja amakhala m'magawo 27. Mu uvuni, madzi a m'batalamo amasanduka nthunzi yomwe imakankha magawo aja kuti atalikirane, pamene mafuta ake amakazinga gawo lililonse. Ndinawerenga mndandanda wa zomwe anaikamo, ndipo analemba batala, osati majarini. Lilime nalo linavomereza. Majarini amasiya kautoto kumkamwa, koma apa panalibe.

Dzina loti croissant m'Chifalansa limatanthauza mwezi wongooneka kumene, uja wopindika, komabe a m'bokosili anali owongoka. Poyamba ndinkayesa kuti ndi ulesi wa opanga, koma ku France n'chizolowezi kuti a batala weniweni kawirikawiri amakhala owongoka, opindika n'kukhala a majarini. Ndiponso kwawo kwenikweni si ku France. Kholo lake ndi kipferl, buledi wopindika wa ku Vienna, likulu la Austria, amene anatchuka ku Paris munthu wa ku Austria dzina lake August Zang atatsegula malo ophikira buledi kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830. Mpaka pano Afalansa amatcha zophika za mtundu umenewu viennoiserie, kutanthauza za ku Vienna. Zimenezi ndimaziganiza ndikudikira uvuni, poti palibe wocheza naye.

Tsiku loyambalo ndinachita chinthu chomwe sindinachitepo. Ndinatulutsa mbale ija ndimasungira alendo, ndinayala nsalu patebulo, foni n'kuisiya kuchipinda. Ndinadziona ngati wopepera kwa kamphindi, kenako ndinaluma. Croissant sadyeka mwaulemu. Nyenyeswa zimagwera pachifuwa, zina zimamatirira pamilomo, zala zonse noninoni. Pa anthu umadya mwamanyazi, kukamwa utaphimba. Ndili ndekha ndinayamba ndi nsonga zokazingika zija, ndinamasula pakati pofewapo pang'onopang'ono, n'kumaliza ndi kutola nyenyeswa za m'mbale ndi chala chonyowetsa. Kadzutsa amene masiku onse amanditengera mphindi zitatu anatha theka la ola, khofi mpaka kuzizira. Kuchokera pamenepo, Loweruka ndi Lamlungu lililonse ndimachita chimodzimodzi.

Tsopano za nyenyezi ija. Malangizo a pa bokosi amangoti uwasiye maola 8 mpaka 10, osatchula kuti malowo akhale ozizira bwanji. Usiku wina kunatentha kwambiri, ine n'kusiya croissant wachitatu pafupi ndi chitofu monga kale. M'mawa ndinapeza wafufuma mopitirira, waphwa m'mbali, batala atayamba kale kutuluka. Mu uvuni anasambira m'mafuta ake omwe, pansi n'kupserera, mkati muli phwataphwata ngati buledi wamba. Batala amasungunuka kutentha kukapitirira pang'ono madigiri 30, ndipo akasungunuka mtanda usanalowe mu uvuni, magawo aja amamatana. Opanga akudziwa bwino zimenezi. Chikanawavuta n'chiyani kulemba mzere umodzi wochenjeza? Kwa banja logula mabokosi ambiri, mmodzi akawonongeka si kanthu. Kwa ine anali kadzutsa wa tsikulo, yemwe ndinamudikira usiku wonse.

Chachiwiri ndi thumba la pulasitiki la mkati, lomwe ukalitsegula silitsekekanso. Zikuoneka kuti anaganizira anthu ophika onse pakamodzi. Ine ndinkalimanga ndi kalabala, komabe awiri omaliza anali atachita timadzi toundana pamwamba ndipo sanafufume ngati oyamba aja.

A chokoleti, amene Afalansa amati pain au chocolat, anali bwino: timizere tiwiri ta chokoleti chakuda chowawirako, chogwirizana ndi khofi wopanda shuga. A amondi ayi. Shuga anachuluka mpaka batala osamvekanso, ndipo theka ndinalisiya. Thekalo ndinadzalitenthetsa madzulo mu maikolowevu, linatuluka lotafunika ngati labala. Kumeneko kulakwa n'kwanga, wotsala amafuna mphindi zochepa mu uvuni kuti khungu liumenso.

Kwa amene alibe uvuni, musavutike kugula, pa poto kapena pa chiwaya sangapse bwino. Ndipo si chakudya cha tsiku la ntchito, chifukwa uyenera kukumbukira usiku, kutenthetsa uvuni m'mawa, n'kudikiranso mphindi zisanu akatuluka kuti mkati mukhazikike. Mphindi zisanu zimenezo zimatalika koopsa.

Ndigulanso, koma bokosi la a batala okhaokha. Nthawi yotentha ndiziwatulutsa mochedwerapo n'kuwaika pamalo ozizira kwambiri m'nyumba, kutali ndi chitofu, ndipo otsala ndiziwasamutsira m'kontena yotseka bwino tsiku lomwe ndatsegula. Mbale ya alendo ija sindinaibwezerenso m'kabati, ili pa shelefu ya pafupi ndi ketulo.