Kawailesi kochenjeza za nyengo kandipulumutsira galimoto

Ndinagula kawailesi aka ku Aurora, pafupi ndi Denver ku America, mnzanga wa kuntchito atandifotokozera za matalala a pa 8 Meyi 2017, omwe anaphwanya magalimoto ndi madenga mpaka sitolo zambiri za pamsika waukulu wa Colorado Mills zinatsekedwa kwa miyezi. Poyamba ndinkaseka. Wailesi yongonena za nyengo basi, popanda ngakhale nyimbo?

Kamagwira mawayilesi a NOAA, bungwe la boma loona za nyengo, pakati pa 162.400 ndi 162.550 MHz, ndipo umaikamo nambala ya dera lako kuti kasamakudzutse ndi nkhani za kutali. Kuika nambalayo kunandivuta, mabatani ndi ang'onoang'ono ndipo kabuku kake n'kosokoneza. Mwana wanga ndi amene anamaliza.

Kuno Epulo ndi Meyi alibe ulemu. Kumapiri, pa msewu wa I-70 pafupi ndi Eisenhower Tunnel, chipale chofewa chimagwa ngati nthawi yozizira, pomwe ife kuchigwa tikulimbana ndi mabingu, mphezi ndi matalala akuluakulu. Tsiku lina masana kawailesika kanalira mwadzidzidzi, ndinathamangira kulowetsa galimoto m'galaja. Patangopita mphindi pang'ono matalala anayamba kugunda padenga ngati wina akuthira miyala. Galimoto ya aneba inasweka galasi lakutsogolo.

Kulira kwake n'koboola m'makutu, usiku mungalumphe pabedi. Koma magetsi akazima kamapitiriza ndi mabatire, pomwe foni nthawi zina imakhala yafa. Mayi a kunyumba anakaika pafupi ndi chitofu, kumene amakhala nthawi zambiri.