GPU ya laputopu ikafa: kuiwotcha, kusintha chipu, kusintha bodi, kapena kungoizimitsa?

Malaputopu amphamvu monga Dell Precision, HP ZBook, MacBook Pro ndi aja amasewera, ambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amafika atagwirako kale ntchito kunja. Amene amawagula ndi okonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ojambula mapulani a nyumba ndi opanga maposita. Kufa kwa GPU yake, chipu chimene chimapanga zithunzi zooneka pa sikirini, kumadziwika: mizere yobiriwira kapena yapinki pa sikirini, timabokosi tothwanima, kenako mdima fani ikulira. Windows ikakwanitsa kutseguka, mu Device Manager mumapeza uthenga wa vuto wa Code 43 pa dzina la NVIDIA kapena AMD.

Musanatulutse ndalama, tsimikizani kuti wodwala ndi GPU. Tengani screenshot mizere ikuoneka, muitumize pa foni. Chithunzicho chikaoneka choyera, nthawi zambiri vuto ndi sikirini kapena kanthambo kake kodutsa pa hinji, ndipo zimenezo n'zotchipa. Mizere ikaonekanso pa foni, vuto lili mkati. Chotsani driver ya GPU ndi pulogalamu ya DDU mu Safe Mode, ikani ina, muone kutentha ndi pulogalamu ya HWiNFO. Ma GPU ambiri a NVIDIA a m'malaputopu amayamba kudzichepetsera liwiro akafika pa 87°C. Kuzizira kwa Dedza kusakunamizeni: fumbi la August mpaka October limaumbika kuseri kwa fani ngati kabulangete, mphepo osadutsa. Kupukuta pamenepo n'kuika thermal paste yatsopano, phala lija limapakidwa pakati pa chipu ndi chitsulo choziziritsa, kumachiza makina ambiri amene eni ake anali atawalira kale. Ma thermal pad okha, timapepala tofewa topititsa kutentha ku chitsulocho, samalani nawo. Pamene panali ya 0.5 mm mukaika ya 1 mm, chitsulo choziziritsa chimatukuka osakhudzanso chipu bwino, kutentha n'kuposa kale.

Zonsezi zikakanika, njira zilipo zinayi, ndipo imene mudzayambe kuuzidwa ndi yoipitsitsa.

Kuwotcha chipu ndi heat gun, chida chouzira mpweya wotentha, kumakopa chifukwa n'kwachangu, n'kotchipa, ndipo laputopu imayakadi muli pompo. Koma GPU ili ndi zolumikizira za mitundu iwiri. Pansi pali timipira ta solder, chitsulo chowotcherera, togwiriza chipu ku bodi. Pamwamba, pakati pa kagalasi kakuda ka pamwamba pa chipu ndi kathabwa kobiriwira kamene kakhalapo, pali timadontho tina ting'onoting'ono kwambiri totsekeredwa ndi guluu. Pa GeForce 8400M ndi 8600M za 2007 ndi 2008, zimene zinapha HP Pavilion dv6000 ndi dv9000 zambiri, tothyoka tinali tam'mwambati. Moto umangotifutukula, ming'alu n'kugundana kwa milungu kapena miyezi yochepa, kenako mizere ija n'kubwerera. Choipa china n'chakuti solder wopanda mtovu amasungunuka pafupi ndi 217°C, ndipo heat gun ya m'manja siyeza kutentha kwa bodi. Bodi imapindika, tizida tapafupi timasuntha, timipira tina n'kugwirana. Bodi yowotchedwa kawiri katatu, katswiri weniweni amaikana. Pamene timavomereza kuwotcha ndi pamodzi pokha: pamene SSD, chosungira mafayilo, inawotchereredwa pa bodi, monga pa MacBook Pro ya mainchesi 15 kuyambira 2016, ndipo mukungofuna iyake kamodzi mukopere mafayilo. Pa makina ena onse, masulani SSD muiwerenge pa kompyuta ina.

(Ogula yakaunjika, pemphani atsegule pansi. Bodi yofiirira mozungulira chipu, zomatamata zowuma ndi masitika opiringizika ndi umboni woti inawotchedwa kale.)

Njira yachiwiri ndi ntchito ya pa bodi yochitidwa ndi zida zake. Apa anthu amasokoneza zinthu zitatu zosiyana. Reball ndi kuchotsa chipu chomwecho, kupala timipira takale, kuika tatsopano kudzera pa stencil, kachitsulo ka timabowo, nthawi zambiri ta solder wa mtovu wosungunuka pa 183°C. Imathandiza ngati tothyoka ndi tapansi, monga pa laputopu imene inagwa kapena imene imanyamulidwa pa kona imodzi ili chitsegulire. Ngati vuto lili m'kati mwa chipu, reball ndi kuwotcha komweko kokwera mtengo. Pamenepo pamafunika chinthu chachiwiri, kuika chipu china, ndipo zambiri zogulitsidwa pa intaneti kuti n'zatsopano zimakhala zozulidwa pa mabodi akufa n'kupukutidwa.

Chachitatu mwa zinthu zitatuzo ndi chimene ambiri sachiganizira, koma pa malaputopu a GTX ndi RTX n'choyenera kuyamba nacho. Kawirikawiri GPU yeniyeniyo imakhala ili moyo, chofa ndi chimodzi mwa tichipu ta memory ta GDDR5 kapena GDDR6 tozungulira GPU, kapena MOSFET yoperekera magetsi. Wodziwa ntchito amayamba ndi multimeter, kuyeza njira iliyonse ya magetsi ngati yagundana ndi ground, kenako amayendetsa MATS, pulogalamu ya NVIDIA imene imaloza kachipu ka memory kolakwika. Kusintha kamodzi kameneko n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi GPU, ndipo kumakhalitsa. Muyeso wa katswiri ndi womwewu. Akangomva za mizere n'kunena kuti "tiiwotcha" asanayeze kalikonse, tengani katundu wanu. Makina a BGA, ochotsera ndi kuikira machipu otere, otenthetsa pansi ndi pamwamba, okhala ndi choyezera kutentha, sapezeka paliponse, choncho konzekerani ulendo wa pa M1: a ku Dedza kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, a ku Ntcheu kusankha pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Pemphani kuwaona makinawo ndi maso anu, ndipo waranti ya ntchitoyo ilembedwe pa lisiti.

Njira yachitatu, kusintha bodi yonse, n'njotsimikizika kuposa zonsezi, koma pa malaputopu ambiri purosesa nayo inawotchereredwa pomwepo, ndiye mukugula mbali yodula kwambiri ya laputopu. Onjezanipo mtengo wotumizira, msonkho wa MRA, kuvuta kwa ndalama zakunja ndi milungu yodikira. Nambala ya pa sitika ya bodi ifanane ndendende, chifukwa dzina la laputopu lokha silikwanira. Bodi ina sichotsanso chilema chochokera ku fakitale. MacBook Pro za 2011 za mainchesi 15 ndi 17 zokhala ndi AMD Radeon, Apple inazikonza ulere kuyambira February 2015 mpaka kumapeto kwa 2016 poika mabodi a mtundu womwewo, ndipo ena anafanso. Amwayi ndi eni Precision M6800, Precision 7710 ndi ZBook 17 zakale, mmene GPU ili pa khadi yakeyake ya MXM yomasula ndi sikuludiraiva. Dell ndi HP amaika mabuku okonzera makina awo pa intaneti ulere. Lowetsaninso Service Tag kapena serial number pa tsamba lawo musanatsegule, pena waranti imakhala isanathe.

Yotsala ndi yaulere: kuizimitsa GPU yaikuluyo n'kumagwiritsa ntchito yaing'ono ya Intel kapena AMD ya mu purosesa. Mumachita Disable mu Device Manager, kapena kusankha UMA, kutanthauza GPU yaing'ono yokha, mu BIOS ngati mulimo. Word, Excel, Zoom ndi YouTube zimayenda bwinobwino. Chotayika ndi liwiro potulutsa vidiyo, masewera, ndipo pa makina ambiri HDMI imafa nayo limodzi chifukwa inalumikizidwa ku GPU yaikulu. MacBook ya 2011 ija imatha kukakamizidwa kukhala pa Intel HD 3000, koma sikirini yakunja muiwale. Njirayi sithandiza ngati magetsi agundana pa bodi moti makina sakuyaka n'komwe.

Kwa mphunzitsi, wophunzira ndi wa mu ofesi, kuzimitsa kumaposa zonse. Kwa amene nsima yake imachokera ku mavidiyo, ayambe ndi kuyezetsa memory ndi magetsi, ndipo bodi aiganizire pokhapokha mtengo wake wonse usakupitirira theka la mtengo wa laputopu ina yofanana nayo. Popita kokakonzetsa, koperani mafayilo ndipo nyamulani chaja yake yeniyeni, ya mphamvu imene makinawo amafuna, mwachitsanzo 180 W kapena 230 W, chifukwa ndi ya 65 W GPU siithamanga mokwanira ndipo chilema chimabisala. Musanalipire, FurMark, pulogalamu yopanikiza GPU ndi ntchito, iyende mphindi 30 inu mukuona, HWiNFO ili potseguka, kenako muizimitse, izizire, muiyatsenso.