Zeiss, Swarovski kapena Leica: ma binoculars a m'thumba oyenda nawo ku Luangwa

Ma binoculars, magalasi oonera zinthu zakutali, ang'onoang'ono a m'thumba alipo mitundumitundu, koma tikakamba za apamwamba zenizeni mayina amatsala ochepa: Zeiss Victory Pocket, Swarovski CL Pocket ndi mng'ono wake CL Curio, komanso Leica Ultravid yaing'ono ija. Kunja onsewa amagulitsidwa cha m'ma madola a ku America 800 mpaka 1,000, ndalama yotumizira ndi msonkho zisanalowepo, ndiye pano palibe wotchipa. Galasi lawo ndi labwino moti mutawandandalika pakhonde masana dzuwa lili paliwombo n'kumayang'ana mitengo ya pa phiri la Kanjala ku Chipata, mungavutike kuloza amene akuposa mnzake. Kusiyana kumaoneka pamene chinthucho chili m'manja a thukuta, galimoto likugwedezeka, mbalame ili pafupi kuuluka.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Pa 8x25, nambala 8 ikunena kuti chinthu chayandikitsidwa kasanu ndi katatu, pomwe 25 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mu mamilimita. Mukagawa 25 ndi 8 mupeza 3.1. Gwirani ma binoculars patali ndi nkhope, muwalozetse kumwamba, mudzaona kadontho kowala pakati pa galasi lakumaso: kukula kwa kadonthoko ndiye mamilimita 3.1 aja. Kuwala konse kofika m'diso mwanu kumadutsa pamenepo. Masana mwanadiso amachepa mpaka mamilimita 2 kapena 3, choncho kadonthoko kamakwana. Kukayamba kuda mwanadiso amatambasuka kupitirira 5, kadontho kaja n'kuchepa. Pa 8x20 ndi pa 10x25 kamangokhala 2.5, pa 7x21 kamakwana 3. Ku South Luangwa, paki ya nyama ya m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, nkhani imeneyi si yamasewera ayi, poti ulendo wam'mawa umanyamuka cha m'ma 6 koloko, wamadzulo umayamba cha m'ma 4 n'kukathera mumdima ndi tochi.

Ndiye pa funso la 8 kapena 10, ine ndili kumbali ya 8 ndipo sindisuntha. Ndikudziwa chimene chimakopa anthu. Kuyambira kumapeto kwa August mpaka October, ma carmine bee-eater, mbalame zofiira zodya tizilombo touluka, amabwera kudzakumba mauna awo m'magombe a mtsinje wa Luangwa, ndipo nthawi zambiri mumakhala tsidya lino iwo ali tsidya lija, mtima n'kumafuna kuti ayandikire pang'ono chabe. Koma chinthu chopepuka chonchi chikakulitsa ka 10 chimanjenjemera ndi mpweya wanu womwe, ndipo wina akangosuntha pa mpando wakumbuyo chithunzi chonse chimavina. Malo amene mukuona amachepanso: Zeiss 10x25 imaonetsa mamita 105 m'lifupi pa mtunda wa mamita 1,000, Leica 10x25 mamita 90 okha. Mbalame yothamangitsa kachilombo m'malere simungaitsate pa kazenera kotero.

Zeiss Victory Pocket 8x25 inatuluka mu 2017, ndipo kwa ine ndiyo yoyamba kuiganizira. Imalemera magalamu 290, imaonetsa mamita 130, ndipo imatha kuona bwino chinthu chimene chili pa mamita 1.9 okha, kutanthauza gulugufe pa ndowe ya njovu kapena choso akuyamwa duwa pafupi ndi pamene mwakhala. Koma chimene chimaipambanitsa ndi hinji, popindira pamene pamalumikiza mbali ziwirizo. Ili ndi imodzi yokha, yoikidwa chakumbali osati pakati. Mukaitsegula kamodzi molingana ndi maso anu, imakhala momwemo tsiku lonse ili pachifuwa. Mwaona kanthu kobiriwira kadutsa m'mitengo ya tsanya, mwanyamula ndi dzanja limodzi, chala chagwera pa gudumu la fokasi chokha, timbalame tobiriwira totchedwa Lilian's lovebird tili m'diso. Pa ulendo wapansi, umene katswiri wosamalira nyama zakutchire Norman Carr anauyambitsa m'chigwachi m'zaka za m'ma 1950, mumayenda mondondozana pambuyo pa sikauti wa mfuti maola angapo, ndipo palibe amene adzaime kudikira kuti mukonze zitsulo zanu. Apo m'pamene hinji imodzi imaonetsa ntchito yake.

Zofooka ili nazo. Ikapindidwa siichepa ngati anzake. M'thumba la jekete imalowa, m'thumba la shati imachita kukakamira. Timakapu tokhudza kumaso n'tating'ono, ndipo anthu ambiri osavala magalasi amadandaula kuti diso limalowa kwambiri mpaka m'mbali mumabwera mithunzi yakuda. Mankhwala ake n'kutsamiritsa timakaputo pa fupa la pansi pa nsidze, osazikanikiza m'maso. Ovala magalasi alibe vuto limeneli, kwa iwo ili ngati anawayeza. Kagudumu kolinganizira maso awiri kalibe loko, ndiye muzikayang'anako mukaitulutsa m'chikwama. Ena amanyinyirika kuti dzina ndi la ku Germany koma inapangidwa ku Japan. Zimenezo nkhwazi ya pa mtengo sizikuikhudza.

Swarovski CL Pocket 8x25 ndi ya ku Austria, ndipo mukaigwira mumamva kuti mwagwira ndalama. Ndi yolemererapo, pafupifupi magalamu 350, koma kulemerako kumathandiza kuti manja asanjenjemere. Imaonetsa mamita 119, kufupi imayambira pa mamita 2.5, ndipo diso limatha kukhala mamilimita 17 kuchokera pa galasi n'kumaonabe bwalo lonse. Pa kamasukidwe ka diso, makamaka kwa osavala magalasi, ambiri amaikonda kuposa Zeiss, ndipo sindingawatsutse. Pamene imanditopetsa ndi pa mahinji ake awiri. Mbali iliyonse imapindika payokha. Mukaitulutsa mwachangu, kumanzere kwatseguka kwambiri, kumanja pang'ono, gudumu lapendekeka, mukuona mabwalo awiri m'malo mwa limodzi. Pomwe muzimaliza kulinganiza, nthambi yatsala yokha ikugwedera. Ozolowera amatsegula mbali imodzi mpaka pothera penipeni n'kumasuntha inayo yokha. Zimathandiza ndithu, koma ndi ntchito yoonjezera imene mwini Zeiss saidziwa n'komwe. Phindu la mahinji awiriwo n'lakuti ikapindidwa imakhala kamtolo kaudongo.

CL Curio 7x21 inabwera mu 2021, maonekedwe ake anawakonza ndi katswiri wa kamangidwe ka zinthu Marc Newson, ndipo anthu ena amaiyesa chokongoletsera cha azungu opita ku zisudzo. Akulakwitsa. Magalamu 250, mamita 135, chithunzi chokhazikika bwino chifukwa 7 sanjenjemera ngati 8. M'nkhalango za miombo zakumtunda kuno, kumene mbalame zimabwera gulu limodzi mitundu yosakanikirana n'kumadumphadumpha m'nsonga za mitengo pafupi nanu, Curio imasangalatsa kwambiri. Kuchigwa kumene mtsinje ndi wotakata, mukafuna kusiyanitsa timbalame toyenda pa mchenga wa tsidya lina, 7 uja amaperewera.

Leica Ultravid 8x20 ndiyo ya m'thumba la shati lenileni, magalamu pafupifupi 240, yopangidwa ku fakitale ya Leica ya ku Portugal. Mitundu imaitulutsa yokhathamira, gudumu lake la fokasi n'lalikulu bwino poyerekeza ndi thupi lake, ndipo cholinganizira maso chili ndi loko. Komabe mamita 113 ndi ochepa pa onse anayi, mahinji ndi awiri, ndipo kadontho ka 2.5 kaja sikakhululuka: diso likangophonya pang'ono, mdima. Dzuwa likapendeka ndiyo yoyamba kugonja. Ndingaipatse munthu amene ali kale ndi ma binoculars aakulu ndipo akufuna kena koyenda nako kulikonse, kumunda, ku ukwati ku Katete, pa basi ya ku Lundazi. Chenjezo limodzi: pali Leica Trinovid 8x20 BCA, yofanana nayo maonekedwe koma yotsikirapo mtengo. Imeneyo imangopirira madontho, si yotsekeka kuti madzi asalowe. Zinayi ndatchula poyamba zija n'zotsekeka ndipo m'kati mwake anaikamo nayitrojeni kuti musachite nthunzi. Ndi mvula yathu ya December mpaka March komanso fumbi la mwezi wa September, kusiyana kumeneko n'kwakukulu kuposa ndalama imene mungapulumutse.

Za fumbi lomweli: funsani ngati m'bokosi muli zovindikira magalasi, poti ambiri a m'thumba sabwera nazo. Fumbi la mumsewu wa m'paki lili ndi timchenga, ndipo kupukuta ndi kansonga ka shati kapena chitenje kuli ngati kukwecha mphika ndi mchenga. Uzirani kaye, sesani ndi kaburashi kofewa, kansalu kabwere pomaliza. Mu October kuchigwa kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye pa dashibodi si posiya chinthu cha magalasi omatidwa ndi guluu.

Tsopano pali funso limene ogulitsa sakonda kulimva. Kodi awa adzakhala ma binoculars anu okhawo? Ngati ndi choncho, ganizirani kawiri musanagule a m'thumba. South Luangwa ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, ndipo zina zimene anthu amaziyendera ulendo wautali zimakhala mumthunzi. Kadzidzi wamkulu wodya nsomba uja, Pel's fishing owl, masana amabisala m'kati mwa mitengo ya mchenja ya masamba othithikana m'mbali mwa madzi. Gaidi akulozerani kuti "ali apo, pa mphanda yachiwiri", inu ndi 8x20 mukungoona chibulumwa chofiirira, mnzanu wa 8x42 ya mtengo wapakati, monga Nikon Monarch, akuwerenga mizere ya pachifuwa. Galasi la mamilimita 42 limatolera kuwala kochuluka pafupifupi katatu kuposa la 25, ndipo palibe dzina la kampani limene lingasinthe masamu amenewo. Pakatikati pali gulu la 8x30: Swarovski CL Companion ya magalamu pafupifupi 490, kapena Zeiss SFL 8x30 ya magalamu 460 yoonetsa mamita 142. Ndalama zake n'zokwererapo, m'thumba sizilowa, koma pakhosi sizitopetsa, ndipo kadontho kake ndi 3.75.

Kwa amene watsimikiza kuti akufuna a m'thumba basi, ine ndimaika Zeiss 8x25 patsogolo, makamaka ngati amavala magalasi. Wosavala magalasi ayese kaye CL Pocket asanasankhe, chifukwa nkhope zimasiyana ndipo timakapu tija tikakana munthu timamukaniratu. Vuto n'lakuti zinthu zimenezi nthawi zambiri timachita kuitanitsa kunja osaziona. Njira yake n'kupempha: alendo obwera ku Mfuwe, polowera m'pakiyi, ndi magaidi amakhala nazo zamitundumitundu, ndipo anthu okonda mbalame, kuphatikizapo a BirdWatch Zambia, sakaniza mnzawo kusuzumira mphindi ziwiri. Mukapatsidwa, musathamangire kuyang'ana kutali. Onani ngati bwalo lonse likuoneka popanda kusakasaka ndi diso, gwedezani pang'ono muone ngati hinji ikugwa yokha, kenako lozani pansi pa chitsamba pamene pali mdima. Ndipo mukaona Swarovski kapena Zeiss pa Facebook pa mtengo wa foni yotchipa, funsani nambala yake ya fakitale ndi risiti. Zabodza zovala mayina amenewa zilipo, ndipo ngakhale yeniyeni ikawonongeka idzafunika kutumizidwa kunja, ku kampani imene inaipanga, komwe mapepala ogulira angafunike.