Log2ram: kapulogalamu kamene kapumitsa memory card yanga

Mu shopu yanga ya intaneti ndi fotokope muli kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 3 kamene kamakhala kuseri kwa rauta. Ntchito yake ndi kuyendetsa pulogalamu ya Pi-hole, kuti zotsatsa malonda zisamatidyere bandulo. Kalibe hard drive, zonse zimakhala pa memory card. Khadi loyamba silinathe ndi chaka chomwe. M'mawa wina ndinangopeza nyali yofiira ikuyaka, kamakinako osadzuka, makasitomala ali pamzere.

Chimene chimapha makhadiwa ndi kulembedwalembedwa. Flash, mbali ya khadi imene imasunga zinthu, imafufutika maulendo owerengeka okha, ndipo imafufuta chigawo chathunthu ngakhale mwasintha kamzere kamodzi kokha. Tsono Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kamakinako, imalemba ma log, kaundula wa zonse zochitika m'kamakinamo, mu foda ya /var/log usana ndi usiku, ndipo Pi-hole imaonjezerapo mzere nthawi iliyonse foni ya munthu ikafunsa adiresi ya webusayiti. Khadi silipuma.

Log2ram ndi yaulere, imapezeka pa webusayiti ya GitHub. Imasamutsira /var/log mu RAM, memory ya m'makina yosunga zinthu pokhapokha magetsi alipo, kumene kulemba sikuononga kanthu, kenako imakopera zonse pa khadi kamodzi patsiku komanso pamene mwazimitsa makina bwinobwino. Kuiika sikunanditengere ndi mphindi 10 zomwe. Mu /etc/log2ram.conf ndinaipatsa 128MB pa 1GB imene kamakinako kali nayo, ndipo sindinaone kuchedwa kulikonse. Khadi lachiwiri likugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Koma dziwani zinthu ziwiri musanathamangire. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zonse zimene zinali mu RAM zimapita, ndiye ma log a tsiku limenelo mwaluza. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, ndipo tsiku lomwe mukufuna kufufuza chimene chinavuta ndi lomwenso mulibe powerenga. Ine ndinathana nazo polumikiza kamakinako ku UPS ya rauta, batire imene imagwira magetsi akathima.

China, chimene ambiri sachitchula: Pi-hole ili ndi database yakeyake, fayilo yosungira kaundula wake, mu /etc/pihole, ndipo imailemba mphindi iliyonse. Kumeneko log2ram sikufika. Ndinachita kusintha ndekha kuti izilemba pakatha mphindi 30, ndi kuonetsetsa kuti noatime, imene imaletsa Linux kulemba nthawi imene fayilo yawerengedwa, ilipo mu /etc/fstab.

Amene rauta yanu ili ndi OpenWrt, Linux ya marauta, musavutike ndi log2ram, chifukwa ma log ake amakhala kale mu RAM. Koma ngati muli ndi Raspberry Pi yosazimitsidwa, iikeni lero, khadi lisanayambe kudwala.