Kuwunika distributed.net: pulogalamu yodalirika, ntchito yofunika kuiganizira kawiri

Gulu la distributed.net limasonkhanitsa anthu odzipereka amene amabwereketsa mphamvu za makompyuta awo pofufuza kiyi yotsekulira uthenga wobisidwa, ndipo lakhala likuchita zimenezi kuyambira mu 1997, chaka chimene kampani ya RSA inayambitsa mpikisano wothyola makiyi. Wofuna kulowa nawo amaika pulogalamu yaing'ono yotchedwa dnetc, imene imakatenga gawo la makiyi ku seva, n'kuyesa kiyi iliyonse payokha, kenako n'kubweza zotsatira.

Pulogalamu imeneyi ndilibe nayo dandaulo lalikulu. Ndi yaulere, imagwira ntchito pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo imangodya mphamvu zimene zatsala, moti mwini kompyuta akayamba ntchito yake, iyo imamupatsa mpata. Imathanso kugwiritsa ntchito GPU, purosesa yapadera ya zithunzi, imene imayesa makiyi mofulumira kwambiri kuposa purosesa wamba. Maonekedwe ake ndi achikale ndithu, ndipo munthu wosazolowera zoikamo za mtundu umenewu angavutike poyamba.

Chimene chimandichititsa kulilemekeza gululi ndi zimene linachita kumayambiriro. Mu Okutobala 1997 linapeza kiyi ya njira yobisira uthenga yotchedwa RC5, yotalika mabiti 56 (biti ndi 0 kapena 1), patatha masiku 250, ndipo mu Januwale 1999, mothandizana ndi makina a Deep Crack a bungwe la Electronic Frontier Foundation, linathyola DES, njira ina yobisira uthenga, m'maola 22 ndi mphindi 15 zokha. Nthawi imeneyo boma la United States linkaletsa kugulitsa kunja mapulogalamu okhala ndi makiyi aatali, komanso DES inali njira yovomerezeka imene mabanki ankaidalira. Choncho anthu wamba anasonyeza poyera, osati ndi mawu chabe, kuti chitetezo chimenechi chinali chitafooka. Kiyi ya RC5 ya mabiti 64 inapezeka mu 2002 patatha masiku 1,757, anthu oposa 300,000 atathandizapo.

Nkhawa yanga ili pa RC5-72, ntchito yofufuza kiyi ya mabiti 72, imene inayamba mu Disembala 2002. Biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa ntchito kawiri, kotero kuti makiyi oyesedwa pano ndi ochuluka maulendo 256 kuposa a mpikisano wam'mbuyo. RSA inathetsa mpikisano wake mu 2007, ngakhale kuti gululi linasankha kupitiriza ndi mphoto yakeyake, ndipo dziko linasamukira kale ku njira yatsopano yotchedwa AES, imene kiyi yake yaifupi kwambiri ili ndi mabiti 128. Tsiku limene kiyiyi idzapezeke, sitidzaphunzira chilichonse chimene masamu sanatiuze kale, chonsecho magetsi akuthera pamenepo usana ndi usiku, pakuti purosesa ya masiku ano imadya magetsi ochepa ikakhala chete, koma ikamagwira ntchito mosapuma imadya ambiri ndiponso imatentha. Ntchito ina ya gululi, yofufuza ma Golomb ruler (marula amene mitunda yonse ya pakati pa zizindikiro zake ndi yosiyana), inali yaphindu kwa akatswiri a masamu, koma gawo lake lomaliza, lotchedwa OGR-28, linatha mu 2022.

Amene akufuna kuyesa liwiro la kompyuta yake, kapena kumvetsa ndi maso ake chifukwa chimene kutalika kwa kiyi kulili kofunika, dnetc imuthandiza kwambiri ngakhale ataiyendetsa kwa sabata zochepa chabe. Koma aiike pa kompyuta yakeyake yokha, chifukwa kuiika pa ya kuntchito popanda chilolezo kungamuike m'mavuto aakulu. Amene akufuna kupereka magetsi ake kwa zaka zambiri, ndingamulangize kuti ayambe waona kaye kafukufuku wa zamankhwala ndi zanyengo amene amayendetsedwa kudzera pa BOINC, pulogalamu ina yobwereketsera mphamvu za kompyuta.